Ludzu la Ilatu pa Phiri la Tinagas

Ilatu anayamba kusenza katundu wa anthu ena ndevu zisanamere, ndipo mukamuona lero akupita kudimba, ngakhale pamsana palibe kanthu, amayenda chowerama ngati chikwama chikadalipo. Ine ndine Bazo, mnzake wa paubwana, ndipo ndinkaphikira alendo pa maulendo onse amene iye anasenzapo. Ndine wa m'banja la osula zitsulo, ndipo kuno kumapiri a Ayir amati osula tilibe manyazi. Amatero ndi eni manyaziwo. Mawu amene munthu wolemekezeka sangawatulutse pakamwa pake amatuma ife: kukafunsira mbeta ndife, kukayanjanitsa okangana ndife, ndiye tikamaliza amatinena kuti ndife olongolola. Palibe kanthu. Koma kukanapanda kulongolola kwangaku, sindikudziwa kuti Ilatu ndi apongozi ake akanamvana bwanji zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Apongozi akewo anali a Ekawel, munthu yekhayo m'dera lathu amene ankadziwa njira yokwerera Tinagas, chithanthwe chofiira chimene chaima kumutu kwa chigwembe chathu. Kuti ukafike patsinde pake umayenda masiku atatu m'chigwembemo, zonse zili pamsana, chifukwa abulu amabwerera tsiku loyamba lomwelo pamene miyala yatseka njira. Tsiku lachinayi umakwera ndi manja. Alendo ochokera kutsidya kwa nyanja ankabwera nyengo yozizira kudzazunzika dala paphiri limeneli, ndipo kuzunzika kwawoko ndiko kunkadyetsa mabanja athu.

Ilatu atakwatira Tekna, mwana wa a Ekawel, anakalowa m'chihema cha mkaziyo pafupi ndi cha makolo ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo nsalu ya nduwira yake inakwera mpaka pamphuno n'kuphimba pakamwa. Dzina la apongozi ake sanalitchulenso. Sankawayang'ana kumaso, sankalankhula nawo yekha, ndipo pakamwa pake sanapaonetsepo iwo alipo. Akamwini onse amatero, koma ambiri ana akamabadwa amafewerako. Ilatu ayi. Anali ndi ana anayi koma ulemu wake unali wa mkamwini wa dzulo. Pa ulendo ndinkamupititsira mbale kuseri kwa mwala ngati ndikudyetsa wakuba, ndipo akamva ludzu ankatsalira m'mbuyo mpaka mdala atabisika.

M'chigwembe miyala yobisalako ndi yosawerengeka. Vuto linali pamwamba. Ukachoka padziwe lomaliza njira ndi imodzi, yopapatiza, ndipo mumayenda uyu akumva kupuma kwa mnzake. Kulibe kuseri. N'chifukwa chake zaka zonsezo Ilatu ankatsala padziwepo kulonda zikwama ife tikukwera. Anasenzera anthu ambirimbiri katundu mpaka patsinde pa Tinagas, koma pamwamba pake anali asanapondepo.

Chaka chimenecho Tekna anandipeza ndikukonza chogwirira cha ketulo. Sanakhale pansi n'komwe.

"Bazo, bambo atha. Iwe ukuona, ine ndikuona. Ulendo uno bambo a anawa akapanda kukwera nawo, njira ija ilowa m'manda. Ndiye anawa ndidzawadyetse mchenga?"

"Nanga bwanji osawauza wekha amuna akowo? Chihema n'chimodzi."

"Ndawauza, angoti zii. Pakamwa pakopo Mulungu anakupatsiranji? Kauze onse awiri."

Ndinayamba ndi mdala. Ndinawapeza pamthunzi akusisita chingwe chawo ndi zala, mkono ndi mkono, kufufuza potha.

"Achikulire, akuti ulendo uno pakhale wina wonyamula chingwe mpaka pamwamba. Ine msana wakana."

"Msana wako unavomerapo liti?" anatero a Ekawel. Zala zinapitiriza kusisita chingwe. "Chingwe chilibe miyendo. Wina anyamule."

Kumeneko ndiye kunali kuvomera. Ilatu nditamuuza anandifunsa kuti:

"Nanga kumeneko ndikamwa bwanji?"

"Ndi pakamwa, ngati anthu ena onse."

Sanaseke. Munthuyu ndimamukonda, koma kunena zoona amanditopetsa.

Alendo a ulendowo anali awiri, mwamuna ndi mkazi wake, olankhula Chifalansa, chimene pagulu lathu ndinkachithyolako ndine ndekha. Tsiku loyamba tinayenda pamchenga wofewa, umene ukaponya phazi umakubwezera theka m'mbuyo. Madzulo abulu anabwerera, katundu yense n'kukwera pamisana yathu. Ilatu anatenga madzi ndi chingwe, zolemera kuposa zonse, osadikira kuuzidwa. M'mawa mwake ndikumanga mapoto, a Ekawel anandiuza kuti ndipachike ketulo kunja kwa chikwama ndipo ndiziyenda patsogolo.

"Kuti ndizikuona," anatero. "Ungatimalizire shuga."

"Ketulo ikhala ikulira njira yonse, achikulire. Alendowa abwera kudzamva bata."

"Ilire. Ili bwino kusiyana ndi iwe."

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu sindikonda kuwakumbukira. Miyala yaikulu ngati nyumba: uvule chikwama, uchipereke pamwamba, ukwere, uchivale, utsike, ndiye kutsogolo kuli mwala wina. Mapewa ankasupuka. Makoma a chigwembe ankasunga kutentha mpaka dzuwa litalowa. Mwamuna uja anasiya kujambula zithunzi, mkazi anasiya kufunsa maina a mitengo, ndipo madzulo tinkadya mkate wophika mumchenga, mano akukukuta mchenga womwewo. Ine ndinali ndi zaka makumi anayi koma mawondo a nkhalamba, ndipo ndinkadzifunsa, monga ndinkachitira chaka chilichonse, kuti kodi kusula mipeni kunandilakwira chiyani.

Mdala anapunthwa kawiri pamalo osalala, poti ngakhale woledzera sangapunthwe. Pothira tiyi kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, theka linathera pambali pa tambula. Ndinawaseka kuti akumwetsa nyerere, iwo n'kunena kuti dzanja lazizira. Nditapita ndi tiyi kuseri kwa mwala, Ilatu anandifunsa chapansipansi kuti, "Akuluwo ali bwino?" Ndinamuyankha kuti ndi ukalamba basi.

Dziwe lomaliza tinalipeza litaphwa kuposa kale, madzi ake obiriwira, oti uyambe wasefa pansalu. M'mamawa titaswali pemphero loyamba, Ilatu anapita kuseri n'kumwa mpaka poyenda mimba ikulira ngati thumba lachikopa.

"Iwe si ngamila, Ilatu. Madzi am'mawa safika masana."

"Ndi tsiku limodzi lokha. Nanga pa Ramadani timatani?"

"Pa Ramadani timagona pamthunzi, sitikwera makoma."

Anangomangitsa nduwira, n'kunyamula kachikwama ka chingwe.

Pathanthwe a Ekawel anali munthu wina. Kupunthwa kuja kunatheratu. Manja awo ankangopita okha pogwira, osafufuza, ndipo tsiku limenelo anayamba chinthu chimene anali asanachitepo: kundiphunzitsa ine njira, mokweza mawu.

"Bazo, apa dzanja lamanzere ulowetse m'bowo ili, lili ngati kukamwa kwa mtsuko. Mwala woyerawo usaupondepo, ngwabodza. Ndi umene unagwetsa mkulu wanga."

"Ndamva, achikulire."

"Bazo, pamng'alu uwu uwerenge mikono isanu ndi umodzi, ndiye upotokere kumanja. Ukapitirira, kutsogoloko kuli mphepo yokha."

Ine njirayo ndinalibe nayo ntchito, ndipo tonse tinkadziwa. Kumbuyo kwanga ndinkamva Ilatu akubwereza mawuwo m'kati mwa nduwira, dzanja lake likukalowa m'bowo lomwelo. Penapake sanamvetse, ndiye anandikoka malaya.

"Funsa ngati pobwerera timadzera pomwepa."

"Funsa wekha, si awa ali apa? Safunsa anadya phula."

"Bazo, chonde."

Ndinafunsa. Mdala anayankha nkhope ili kukhoma: "Uwauze ofunsawo kuti ndi pomwepa, koma chafutambuyo. Anthu safera pokwera, amafera potsika."

Dzuwa litafika paliwombo thanthwe linayamba kuotcha zikhatho. Alendo ankamwa pafupipafupi, ine ndinkamwa, mdala ankamwa. Mayi uja anamutambasulira Ilatu botolo katatu, katatu konse iye akuika dzanja pachifuwa kukana. Kawiri a Ekawel anaima n'kunena kuti, "Bazo, ndikufuna ndiyang'aneko kum'mawa kanthawi," n'kutipatsa msana nthawi yaitali, poti kum'mawako kunalibe choyang'ana. Aliyense akanamva kuti akumupatsa mpata. Ndinamukankhira botolo m'manja, iye n'kulibweza.

"Angatembenuke nthawi iliyonse," anatero.

Zinandipsetsa mtima kwambiri, koma mpweya wokalipira ndinalibe.

Pamwamba pa Tinagas palibe kanthu. Ndi thanthwe losalala, kukula kwake ngati mphasa zinayi, ndi mphepo. Alendo anakumbatirana n'kulira, monga amachitira onse. Ilatu anakhala pamphepete n'kuyang'ana pansi, kumene chigwembe chathu chinkaoneka ngati ulusi wogwera pamchenga.

"Ndiye konse kuja ndi kameneka?" anandifunsa, mawu atasasa.

Mdala ankatchulira alendo maina a mapiri akutali, limodzilimodzi, akuloza ndi chala. Maina anali oona, koma chala chinkaloza mpata wopanda phiri. Ilatu anaona. Anatsitsa maso msangamsanga ngati waona munthu akusamba.

Potsika pali malo amene timawatcha Mlomo wa Ngamila. Ndi kanjira kam'khoma, m'lifupi mwake zikhatho ziwiri, ndipo kumapeto kwake munthu amatsitsidwa ndi chingwe mikono khumi kuti akaponde pamwala wina. Ukaphonya mwalawo, pansi pake ndi phompho. Wotsitsa amakhala pansi, mapazi atakankha mwala, chingwe chitazungulira msana wake. Zaka zonse wotsitsayo ankakhala a Ekawel. Tsiku limenelo anandiuza ine mmene chingwe chimazunguliridwira, Ilatu n'kukhala pansi n'kuchita, mdala atakhala pambali pake mawondo akukhudzana.

Woyamba kutsika anali mwamuna uja. Ali pakati, chingwe chinapulumuka pafupifupi mkono wathunthu. Munthuyo anakuwa, mkazi wake anakuwa, Ilatu n'kuchigwiranso, n'kumufikitsa. Ndinamuyang'ana Ilatu. Maso anali ofiira, manja akunjenjemera, ndipo pamphumi pake panalibe thukuta ngakhale dontho. Ndinamuitana, iye n'kundifunsa ngati mbuzi zamwa. Wotsatira anali mayi uja. Mdala mphamvu zotsitsa munthu zinali zitawathera, ndipo ine chingwe ndinali ndisanachigwirepo.

"Ilatu, imwa. Ukapanda kumwa ugwetsa mayiyu, iwe n'kumutsatira, Tekna atsale ndi ana anayi ndi ulemu wakowo. Adzaphika ulemuwo?"

Anapukusa mutu.

"Achikulire, tsinzinani. Mwana wa eni akufa uyu."

"Otsinzina amatsegula," ananong'ona Ilatu.

Pamenepo ndinawatukwana onse awiri. Ndinatukwana ngamila zawo, nduwira zawo, ndi munthu amene anayambitsa ulemu padziko. Wosula amaloledwa. A Ekawel anandidikira mpaka mawu atandithera.

"Watha? Kweza zala zako, Bazo. Zingati zilizonse."

Ndinakweza zitatu, pafupi ndi nkhope yawo.

"Wakweza?"

"Kalekale."

"Ndiye uwauze amene ali ndi ludzuwo kuti ine sindikudziwa ngati ndi zala kapena ndi mbalame. Chaka chachiwiri chino. Munthu ndimamuona ngati chitsa mu utsi. Chigwembe chonse chija ndimatsata kulira kwa ketulo yako. Pakamwa pa munthu sindingapaone lero, ndipo sindidzapaonanso."

Amenewa anali munthu amene zaka makumi anayi ankadziwika kuti amaona mbuzi yotayika phiri lachitatu, ndipo nkhani imeneyi anali atabisira ngakhale mwana wawo.

"Uwauzenso mayiwa m'chilankhulo chawo," anapitiriza. "Asadzati ndinawabisira mpaka pansi."

"Achikulire, ndikawauza, sabata yamawa tauni yonse ya Agadez yamva. Palibe adzakupatseninso mlendo."

"Ukuyesa sindikudziwa? Masulira."

Ndinamasulira, ndipo chinandiwawa ngati ndine ndikuwavula. Mayi uja anagwira pakamwa. Ilatu anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire anayang'ana apongozi ake kumaso. Nanenso ndinayang'anitsitsa pakati pa nsalu ya pamphumi ndi ya pamphuno, ndipo ndinaona maso otuwa ngati madzi otsukira chikho cha mkaka. Masiku onse aja ndinkaseka za tiyi osaona.

Ilatu anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kutsitsa nduwira. Milomo inali itang'ambika, ndevu zili ndi imvi zimene ngakhale ine ndinali ndisanazione bwino. Botolo linkagogoda mano. Anamwa lonse, ndinamupatsa lina, n'kumwanso theka. Mdala anakhala pomwepo akumva kumeza kulikonse.

"Mphepo yakula lero, Bazo," anatero.

"Yakuladi, achikulire."

Tinadikira mpaka manja a Ilatu atakhazikika ndipo thukuta litabwerera. Anatsitsa mayi uja, anatsitsa ine, anatsitsa mdala, chingwe osapulumuka ngakhale chala chimodzi. Kenako iye anatsika yekha chafutambuyo, akugwira mmene anamvera. Atafika pamwala pamene tinali, nduwira inali itabwerera kale pamphuno.

"Bazo, uwauze akuluwo kuti kumbuyo kwa chikwama changa kuli lamba."

Sindinauze munthu, chifukwa dzanja la mdala linali litayamba kale kufufuza. Analipeza lambalo n'kuligwira. Kuchokera pamenepo mpaka padziwe wotsogolera anali Ilatu, ndipo ine wosauka ndinaphunzitsidwanso njira kachiwiri tsiku limodzi.

"Bazo, apa phazi lamanzere. Bazo, mwala woyera uja ndi uwu, usaupondepo."

Ilatu analakwitsa kamodzi kokha, pamng'alu paja. Mdala anatsokomola, iye n'kubwerera mkono umodzi n'kupotoka.

Mwamuna uja anakalipa kwambiri titafika padziwe, ndipo zambiri sindinamasulire. Masiku atatu obwerera tinayenda ngati ochokera kumaliro, ketulo ikulira patsogolo. A Ekawel sanakwerenso Tinagas.

Ilatu anatsogolera maulendo asanu ndi anayi, ndipo palibe mlendo anasupuka ngakhale bondo. Kenako mfuti zinayamba kulira kumpoto, alendo n'kuleka kubwera ngati mvula yakata. Njira ija, imene munthu anaidikira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri n'kutsala pang'ono kuifera, inatidyetsa nyengo zitatu zokha. Masiku ano amathirira anyezi, ngamila ikukoka madzi pachitsime kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ine ndinabwerera kumipeni yanga. Koma nyengo yozizira ikafika amasowa masiku asanu ndi awiri. Tekna amadandaula kuti anyezi akufota. Iye amati akukagwira mabowo aja kuti manja asaiwale, poti alendo adzabweranso Mulungu akalola. Ine sindimutsutsa, ngakhale sindikhulupirira.

Sabata yatha ndinamuperekeza kukapereka anyezi woyamba kwa a Ekawel. Mdala tsopano sasiyanitsa usana ndi usiku, amangokhala m'chihema akusisita chingwe chake chakale chija. Titatsala pang'ono kufika Ilatu anaima, anaika dengu pansi, n'kukweza nduwira mpaka pamphuno, n'kuimangitsa bwinobwino.

"Ukudzivutitsiranji, iwe?" ndinamufunsa. "Sakukuona."

"Ine ndikuwaona," anatero.

Analowa, n'kukhala pafupi ndi khomo, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Bazo, funsa ngati akuluwo adzuka bwino."